Tepi ya Barasa

Ntchito yanga yoyamba ku Nairobi ndinaipeza pa ukwati wa anthu ena. Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndikukhala ku Lang'ata kwa achemwali anga a Feresiya. Amuna awo ankagwira ntchito ku maofesi akuluakulu a ku Gigiri, ndipo ndiwo anandiitanitsa kuchokera ku Zingwangwa kuti ndidzaphunzire makompyuta. Kozi inatha, satifiketi ndinalandira, koma ntchito osaoneka. Ndinkangoswera pakhonde kuonerera tindege tikutera pa bwalo la ndege la Wilson. Alamu anga sanali munthu wodandaula, koma moni wawo wamadzulo unkafupikirafupikira akandipeza pa sofa, rimoti ili m'manja.

Ku Blantyre ndinkanyamulira zikwama munthu wina wojambula maukwati, moti kamera ndinkaidziwa. Ndiye mwana wa Mmalawi mnzathu wa kutchalitchi atapeza banja, achemwali anandipereka osandifunsa n'komwe. "Lameki ajambula," anatero. "Angokhala uyu, manja ayamba kuchita dzimbiri." Pa phwandolo, ndikutsatira ndi kamera tiana timene tinkathamangitsana pakati pa matebulo, ndinamva kuti wina waima kumbuyo kwanga. Anali bambo wamtali, wovala suti koma kumutu kapu.

"Dzanja lako silinjenjemera," anatero m'Chingerezi. "Unajambulapo mpira?"

Ndinati mpira ndimangouonera.

"Sawa, chabwino. Ubwere Lolemba ku Industrial Area. Ukafunse pomwe amagulitsa matayala a malole, ine ndili pamwamba pake."

Amenewo anali a Wekesa, ndipo ntchito yawo inali yogulitsa osewera mpira ku matimu akunja. Masiku amenewo timu yakunja ikafuna munthu, siinkavutika n'kutumiza wina kuti adzamuone akusewera. Inkangoti, "Tumizani tepi." Choncho tsogolo la munthu linkagona m'kabokosi kakuda ka pulasitiki, ndipo wokonza kabokosiko ndinali ine.

Ofesi yake inali chipinda chimodzi chonunkha mphira. Munali madeki awiri, makina oonetsera ndi kukopera matepi a kanema, kawayilesi kakanema kakang'ono, kamera ya paphewa yolowa tepi yonse yathunthu, mabatire atatu okalamba, ndi choimikira kamera cha miyendo itatu chomwe mwendo umodzi unali womangidwa ndi lekeni. Loweruka ndi Lamulungu ndinkapita ku mabwalo. Ambiri anali mabwalo a mafakitale, opanda pokhala anthu, ndiye ndinkakwera pa denga la pikapu ya a Wekesa n'kujambulira pomwepo. Lamulo linali limodzi lokha, ndipo anandiuza tsiku loyamba: "Tsatira mpira. Mpira ukatuluka m'chithunzi, tepi yawonongeka." Ndinkabwera kunyumba phewa litauma gwa, nsidze zili mbuu ndi fumbi, achemwali n'kumandifunsa ngati a Wekesawo ali ndi chigayo.

Pakati pa sabata ndinkadula matepi. Deki imodzi inkaonetsa masewero, inayo inkajambula pa tepi yatsopano. Ukapeza malo abwino, monga chigoli kapena chenga chokoma, umabweza pang'ono, umaimitsa madeki onse awiri, kenako umamasula mabatani awiriwo nthawi imodzi. Ukachedwa ndi chala chimodzi, chigoli chimayambira pakati. Ukaimitsa nthawi yaitali ukuganiza, deki imatopa n'kudzizimitsa yokha, uyambirenso. Chithunzi chikayamba mizere, ndinkatsegula chivindikiro n'kupukuta hedi, kachitsulo kozungulira kamene kamawerenga tepi, ndi thonje lonyika mu sipiriti. Deki ikatafuna tepi, ndinkamasula tizitsulo ta kabokosi, kudula potafunidwapo ndi lezala, n'kulumikiza ndi selotepi. Ndipo nthawi iliyonse ukakopera, chithunzi chimafooka, nkhope zimayamba kusungunuka. Pomaliza ndinkaikamo nyimbo yothamanga, chifukwa a Wekesa ankati ogula akamva ng'oma amaganiza kuti mnyamatayo ndi waliwiro.

A Wekesa anaphunzira ku America, ndipo anabwerako ndi matenda amodzi: besibolo, mpira wa kumeneko womenya ndi chibonga. Ikafika nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, ankapita ku kafe ya intaneti m'tauni kukawerenga mphekesera za kumeneko, zoti timu yakuti ikufuna kusinthanitsa wosewera wakuti msika usanatsekedwe. Ankabwera atasindikiza mapepala, n'kumandifotokozera za anthu oti sindidzawaona mpaka kufa. Chimene ankasirira n'chakuti kumeneko chilichonse chimene wosewera wachita chimawerengedwa. "Munthu amamuika pa sikelo ngati thumba la chimanga," ankatero. "Ife kuno tili ndi chiyani? Tili ndi iwe ndi lekeni yako."

Nyengo yomweyo ndi imene msika wa osewera wa pakati pa sizoni unkatsegulidwa kwa ife, ndipo inali nyengo yotopetsa kuposa zonse. Foni inkalira tsiku lonse. Anyamata ankadzaza pa masitepe, atavala majekete, aliyense atamva kwa msuweni wa mnzake kuti dzina lake latchulidwa. Mphekesera zina ankaziyambitsa ndi a Wekesa omwewo. Ankagulira mtolankhani chai, tiyi wa kumeneko, ndi mandazi, mawa lake nyuzipepala n'kulemba kuti matimu atatu akulimbirana mnyamata amene palibe ndi timu imodzi yomwe inali itamufunsa. Ine anyamatawo ankangonditchula kuti Malawi. "Malawi, tepi yangu iko wapi? Ili kuti?" Aliyense ankafuna yake ikhale yoyamba, ndipo aliyense ankakhulupirira kuti zabwino zake zenizeni ndazisiya dala.

Chaka changa chachiwiri, msika utatsala pang'ono kutsekedwa, mphunzitsi wa timu ina ya ku Oman anaimba foni. Ankafuna anthu awiri, womwetsa zigoli mmodzi ndi wapakati mmodzi wothandiza otchinga kumbuyo. A Wekesa anasankha onse awiri ku timu ya fakitale ina ya penti ya konko ku Industrial Area. Woyamba anali Juma, mnyamata wa miyendo yaitali. Wachiwiri anali Barasa.

Za Barasa ziyenera kufotokozedwa bwino. Anali atapitirira zaka makumi atatu, zomwe mu mpira ndi ukalamba, ndipo anzake ankamutchula kuti Mzee, kutanthauza mdala. Timu yawo inali ya fakitale, kutanthauza kuti osewera onse ankalembedwa ntchito pafakitalepo chifukwa cha mpira. Barasa m'mawa ankayendetsa kagalimoto konyamula mapaleti a zitini za penti, masana n'kupita kokonzekera masewero. Tsono fakitaleyo inali itagulidwa ndi eni atsopano, ndipo iwo ananeneratu kuti chaka chikatha timu itha. Timu ikatha, ntchito ya osewera ithanso. Juma anali mwana, matimu ena akanamutola. Koma Barasa, ndi mkazi ndi ana atatu, palibe timu ya mu Kenya imene ikanamulemba pa msinkhu umenewo. Oman inali khomo lake lomaliza, ndipo tonse tinkadziwa.

Tepi ya Juma ndinaimaliza tsiku limodzi. Zigoli zinalipo zambiri, ndinangozisanja, zokomazo n'kuzibwereza kawiri. Kunena zoona Juma anali waulesi, ndipo pa mipata isanu ankaphonya inayi, koma zophonyazo sizilowa m'tepi.

Kenako ndinakoka katoni ya masewero onse a timuyo kuti ndifufuze Barasa. Ndinafufuza masiku angapo mpaka maso kuwawa. Munthuyo munalibe. Ndinkaona dzanja lake m'mphepete mwa chithunzi likuloza mnzake poti aime. Ndinkamuona akulandira mpira n'kuupereka pomwepo kwa wapafupi, kamera n'kuchoka naye mpirawo. Adani akamabwera ndi liwiro, ankafika pena pake n'kukhota okha, kubweza mpira m'mbuyo ngati aiwala kanthu kunyumba. Chowabweza chinali Barasa, amene anali atatseka kale njira, koma iye anali kunja kwa chithunzi. Sankagwa, sankalumpha mochititsa chidwi, sankathamanga ndi mpira. Ankafika pamalo mpira usanaganize zopitako, ndiye mpirawo sunkapitako, ndipo kamera yanga inkatsatira mpira.

Osewera anzake ankamudziwa bwino. Goloboyi wawo anandiuzapo kuti Barasa akasewera, iye goloboyiyo safunika kuchapa yunifolomu yake. Koma mawu a goloboyi sungawatumize ku Oman.

Lachinayi madzulo Barasa anakwera masitepe atavala ovolosi ya kuntchito, madontho a penti ali m'nsapato. Anakhala pa mpando wa pulasitiki, manja pa mawondo, n'kunena kuti wabwera kudzaona tepi yake. Ndinaiika. Inatha asanakhazikike n'komwe. Chithunzi chinasanduka mchenga wotuwa uja, deki ikungolira.

"Basi?" anafunsa.

"Basi, Mzee," ndinayankha. Ndinachita manyazi ngati ndamubera.

A Wekesa anavula kapu n'kukanda mutu. Ananena kuti kwatsala masewero amodzi Loweruka matepi asanatumizidwe, ndipo pali wamalonda wina wokwera ndege Lolemba amene angatenge matepi. "Malawi ajambula iwe wekha, mpira ausiye. Koma Mzee, tipatse zinthu zooneka."

"Zooneka ngati chiyani?"

A Wekesa anatulutsa tepi ya wotchinga kumbuyo wina amene anamugulitsa chaka chapitacho. Pa tepiyo mnyamatayo ankadziponya pansi motsetsereka, kusesa mpira ndi munthu yemwe, kudzuka matope okhaokha, masapota akukuwa. Barasa anaonerera mpaka kumapeto osaphethira.

"Uyu akugwa chifukwa wachedwa," anatero.

"Wachedwa, inde," anayankha a Wekesa. "Koma panopa ali kunja, akutumiza ana ake ku sukulu yabwino."

Barasa anandiyang'ana ine, ndipo ine ndinangogwedeza mutu kuvomereza, chifukwa matepi onse amene ndinaonapo akugulitsa munthu anali otero. Palibe amene ankanamiza mnzake m'chipindamo. Tonse atatu tinkaganiza kuti tikudziwa chimene ogula amafuna.

Loweruka kunacha kwa mitambo yotsika, kamvula kowaza kosaleka. Dothi lakuda la kumeneko likanyowa limamata ngati phula, ndipo pikapu inatitimira tisanafike pabwalo, mpaka masapota anachita kutikankha. Ndinakwera padenga, ndinakutira kamera ndi pepala la pulasitiki n'kuboola pa diso pokha. Choimikira chija chinkatsetsereka pa chitsulo chonyowa, ndiye ndinachisiya n'kuika kamera paphewa. Osewera akulowa, Barasa anatembenuka n'kuyang'ana kumene ndinali. Sanakweze dzanja. Anangoonetsetsa kuti ndilipo.

Woyimbira atangoliza wezulo, ndinaona munthu wachilendo atavala jezi ya Barasa. Mpira woyamba umene unadutsa pafupi, anauthamangira n'kudziponya pansi, matope n'kuthovoka mpaka kumaso kwa mdani. Masapota anakuwa mokondwa. Wachiwiri chimodzimodzi. Kenako analanda mpira pakati, ndipo m'malo moupereka kwa wapafupi monga mwa masiku onse, anathamanga nawo yekha, anadutsa anthu awiri, n'kuumenya ali kutali. Unagunda chitsulo cha pamwamba pa golo, phokoso lake linamveka mpaka kumsewu. Bwalo lonse linaimirira. M'diso la kamera zinali zokongola kwambiri, ndipo ndinakondwera, sindingabise.

Koma khutu langa linali kunja kwa kamera. Ndinkamva mphunzitsi wawo akukuwa mpaka mawu kusasa: "Barasa, rudi nyuma! Bwerera!" Pamene iye anali kutsogolo, pamalo pake panali pululu. Adani anaona msanga. Anayamba kumunyengerera ndi mpira, iye akadziponya pansi iwo n'kuukankhira pambali kwa mnzawo amene anali yekhayekha. Chigoli choyamba chinalowa Barasa ali chigonere m'matope. Sindinachione, chifukwa kamera inali pa iye. Ndinangoona nkhope yake ikutembenukira ku golo, kenako n'kuweramira pansi.

Pa nthawi yopuma anzake anamuzungulira. Sindinkamva mawu, koma manja awo ankalankhula. Goloboyi uja anali wakuda bii ndi matope kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akumuonetsa Barasa yunifolomu yake. Barasa anangomwa madzi. Ndinaganiza kuti mwina chigawo chachiwiri abwerera ku mpira wake. Sanabwerere. Anali atasankha, ndipo anali munthu woti akayamba chinthu amachimaliza. Anapitiriza kugwa ndi kudzuka, anapatsidwa khadi lachikasu, bondo linasupuka magazi n'kusakanikirana ndi matope. Batire lachiwiri linafa pakati pa chigawocho, ndinasintha ndi zala zouma ndi kuzizira, phewa likuyaka moto. Anagonja ndi zigoli zitatu kwa chimodzi. Chimodzicho anamwetsa Juma, mpira utangomugunda pa bondo.

Anthu akubalalika, Barasa anabwera ku pikapu akutsimphina. Anaima pansi n'kuyang'ana m'mwamba kumene ndinali.

"Malawi, umepata? Wapeza?"

"Ndapeza, Mzee. Zambiri."

Anagwedeza mutu n'kutembenuka. Anzake anali atalowa kale m'basi ya timu, ndipo palibe amene anamusungira malo pafupi naye.

Lamulungu sindinapite ku tchalitchi. Achemwali anadandaula kuti ndayamba kupembedza mpira, koma anandiikira tiyi m'fulasiki. Ndinakhala m'chipinda chonunkha mphira chija kuyambira m'mawa, ndikudula. Inali ntchito yosavuta, ndipo kusavutako n'kumene kunkandilemera. Barasa akatsetsereka, matope akathovoka, chala changa chinkadina batani pomwepo, mpira usanafike kwa mdani amene anali yekha uja. Kugunda chitsulo kuja ndinakubwereza katatu. Ndinaikamonso pamene ankadzuka magazi akutsika pa bondo, chifukwa a Wekesa anati zimenezo zimaonetsa mtima. Zigoli zitatu zija zinatsala m'katoni.

Tinali ndi chizolowezi choyesa tepi iliyonse pa deki ina isanatumizidwe, chifukwa tepi imatha kuoneka bwino pa deki yako koma kwina n'kumangodumpha. Ndiye madzulo ndinapita nayo ku Lang'ata n'kuiika pabalaza. Alamu anga anali akuwerenga nyuzipepala. Anaitsitsa pang'ono, kenako anaiika pambali.

"Alamu, ameneyu ndi ndani?" anafunsa. "Koma ndiye ndi chilombo! Munthu ngati uyu akutani ku fakitale ya penti?"

"Ndi amene tikufuna kumutumiza ku Oman."

"Apita ameneyu, musakayike. Amayi, tabwerani mudzaone ntchito ya achimwene anuwa."

Aka kanali koyamba kuti alamu ayamikire ntchito yanga, ndipo ndinagona ndi mtima wopepuka. Ndinadziuza kuti masewero amodzi otayika si kanthu ngati ana atatu apeza tsogolo.

Matepi anapita. Sabata imeneyo nyuzipepala ina inalemba kuti osewera awiri a timu ya penti ali pa ulendo wa ku Arabu, ndipo aka kanali kamodzi mwa maulendo ochepa pamene mphekesera inali ndi choona mkati. Mkazi wa Barasa anali atauza kale anzake a pampopi. Barasa yemwe, Loweruka lotsatira, mphunzitsi anamukhazika pa benchi. Sanadandaule. Tsiku lililonse pa nthawi ya nkhomaliro ankabwera ku ofesi, kukhala pa mpando wa pulasitiki uja, kuyang'ana foni, nthawi ikakwana n'kubwerera ku mapaleti ake.

Foni inalira tsiku lotseka msika, masana, Barasa alipo. A Wekesa anaimirira polankhula, monga ankachitira akamalankhula ndi ogula. Poyamba ankamwetulira. Juma amutenga, atumiza tikiti. Kenako anamvetsera nthawi yaitali, ndipo ndinaona kumwetulirako kukuchoka. Anayamba kulankhula mofulumira. Ankati ayi, bwana mphunzitsi, munthuyo sali choncho, amene mukumufotokozayo ndi yemweyu, tipatseni sabata imodzi titumize tepi ina. Ndinayang'ana katoni ija pakona. Tepi inayo ikanachokera kuti?

Anaika foni pansi. Barasa ndiye anawafunsa kuti anena chiyani, ndipo anawapempha kuti asachotsepo kanthu.

A Wekesa anamuuza. Mphunzitsiyo anati munthuyo ndi wolimba mtima, koma amakhalira kugwa, ndipo amasiya malo ake. Iye anali nawo kale anyamata othamanga ndi ogwa. Ankafuna munthu wamkulu, wodekha, woima ndi miyendo yake, wotseka njira mpira usanafike, woti anyamatawo aziphunzirako. Anali atapeza wina wa ku West Africa amene mnzake anamuona ndi maso akusewera, ndipo mapepala ankasainidwa tsiku lomwelo.

Pansi pathu wina ankagubuduza tayala la lole, likugunda khoma. Barasa anaseka kamodzi, kaseko kakafupi kotulukira m'mphuno.

"Ndiye ankafuna ine," anatero.

A Wekesa anati pole, mawu opepesa, kawiri, ndipo mawuwo anangogwera pansi. Barasa anaimirira, anakonza kolala ya ovolosi, n'kunena kuti nthawi ya nkhomaliro yatha, kapitawo akumudikira. Ndinamumva akutsika masitepe pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija. Ine ndinakhala kutsogolo kwa madeki anga mpaka madzulo osagwira kanthu. Ndinali wotopa ndi kutopa kumene tulo sitichotsa.

A Wekesa kwa masiku angapo sanapite ku kafe ya intaneti. Atayambiranso, anabwera tsiku lina ndi mapepala awo n'kuwaponya pa tebulo. Anati ngakhale ku America komweko, ndi manambala awo onse aja, akukanganabe za wosewera wina ngati ali waphindu kapena ayi. Zikuoneka kuti zimenezi zinawatonthoza. Ine sizinandithandize.

Timu ya penti inathadi chaka chitatha. Juma anakhala ku Oman sizoni imodzi n'kubwerera, atanenepa. Za Barasa ndinangomva kuti akupakira katundu m'malole ku godauni ina, nyumba yosungiramo katundu, ntchito ya tsiku ndi tsiku, yoti m'mawa umaima pageti kudikira kuti akuloze.

Patapita miyezi yambiri, ndinamva mapazi pa masitepe, ndipo ndinawazindikira asanafike pakhomo. Anali ataonda pang'ono. Anandipatsa moni, anafunsa za kwathu ku Malawi ngati mvula inagwa bwino, kenako anatulutsa tepi yatsopano m'thumba la jekete, isanatsegulidwe n'komwe. Anati akufuna ndimukoperereko tepi yake.

Ndinamuuza kuti ndikhoza kumukopera masewero athunthu, aliwonse amene angasankhe m'katoni, a masiku amene timu yawo inkapambana.

"Ayi," anatero. "Ndikufuna ya ku Oman ija."

Ndinamuyang'ana. Anafotokoza kuti mwana wake wamkulu wayamba kusewera ku sukulu, ndipo anzake amamuseka kuti bambo ake sanamwetsepo chigoli ndipo palibe amene amawakumbuka. Tsiku lina anawabwerekera anawo tepi ya masewero athunthu kwa mnzake, anakhala pansi onse kuonerera, koma anawo anatopa n'kutuluka panja, ati adadi sakuoneka.

"Pa ijayi ndikuoneka," anatero.

Ndinapukuta hedi ndi sipiriti, ndinaika matepi awiriwo, n'kumasula mabatani. Tinakhala limodzi kuonerera munthu uja akudziponya m'matope, ng'oma zikulira. Pa kugunda chitsulo paja Barasa anamwetulira pang'ono, ngati akuonera mwana wa mnzake. Itatha anaiika m'jekete, anandigwira chanza, n'kutsika.

Ndinagwira kwa a Wekesa zaka zina zingapo, mpaka matepi anatha ntchito, kukabwera madisiki. Koma kuyambira nthawi imeneyo ndinasiya denga la pikapu. Ndinkafika pabwalo msanga n'kufunafuna malo aatali, thanki ya madzi kapena denga la godauni, kuti bwalo lonse lilowe m'chithunzi, amene ali ndi mpira ndi amene alibe. Anthu ankaoneka ang'onoang'ono, a Wekesa ankadandaula, ndipo ndikudziwa kuti ogula ambiri sankaonera mpaka kumapeto. Ndinkatumizabe.

Panopa ndinabwerera ku Blantyre, ndipo ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mabungwe. Pafupifupi paliponse pamapezeka munthu wondikokera pambali, mayi wophika kuseri kapena bambo wachete amene wayendetsa mwambo wonse, n'kundifunsa monong'ona kuti achite chiyani kuti naye aoneke pa kanema. Ndimawauza kuti asachite kalikonse, apitirize zimene akuchitazo. Kuwapeza ndi ntchito yanga.